WAKUTSINA KHUTU NDI MNANSI

(Awa ndi mau amene Mlembi Wofalitsa Nkhani za Chipani adalankhula pa msonkhano wa atsogoleri a Chipani ndi ogwira ntchito za Boma. Tawasindikiza monga adalankhulidwira.)



Ndapemphedwa kuti ndilankhule za chitetezo cha maiko. Anthu ambiri amayesa kuti nkhani imeneyi ndi ya asilikali okha, ya mfuti, akasinja ndi ndege zankhondo. Zida zimenezi n'zofunika ndithu. Koma pali zinthu ziwiri zimene zimayamba kugwira ntchito mfuti isanalire. Choyamba ndi makutu a dziko, ndizo nthambi za ukazitape. Chachiwiri ndi abwenzi a dziko, ndiyo migwirizano imene maiko amapangana kuti azitetezana. Chimene ndifuna kuti mutenge pochoka pano ndi ichi: zinthu ziwirizi zimaima pa choonadi. Mau oona akapanda kufika kwa amene ayenera kuwamva, kapena akafika atakometseredwa, dziko ngakhale likhale lamphamvu chotani limagwera m'mbuna, ndipo limakokera abwenzi ake momwemo. Ndikuonetsani zimenezi pofotokoza zimene zidagwera dziko la America pakati pa 1998 ndi 2003, chifukwa palibe dziko lina limene linali ndi akazitape ambiri, makina ambiri ndi abwenzi amphamvu kuposa ilo.

MAPANGANO A MAIKO

Makolo athu adati mutu umodzi susenza denga, ndipo maiko nawonso adaona chimodzimodzi. Pa 4 April, 1949, maiko 12 a ku Ulaya ndi ku North America adasaina pangano mumzinda wa Washington, ndipo bungwe la NATO lidabadwa. Pofika 2024, pamene Sweden adalowamo, maiko a m'bungweli adakwana 32. Mtima wa panganolo uli m'ndime yachisanu, imene imati dziko limodzi la m'bungweli likathiridwa nkhondo ndiye kuti onse athiridwa nkhondo. Izi zisanachitike, mu 1946, America ndi Britain adali atagwirizana kale mwachinsinsi kuti azigawana mauthenga amene akazitape awo amatchera pa mawailesi ndi matelefoni a maiko ena. Pambuyo pake Canada, Australia ndi New Zealand adalowamo, ndipo mgwirizano umenewu ndiwo umatchedwa Five Eyes, ndiye kuti maso asanu.

Kuno kwathu, maiko a SADC adasaina pangano lothandizana pa chitetezo mu August 2003 ku Dar es Salaam. Chaka chotsatira, mu 2004, akuluakulu a nthambi za ukazitape a maiko a mu Africa adakhazikitsa komiti yawo, yotchedwa CISSA, mumzinda wa Abuja ku Nigeria. Chifukwa chake n'choonekeratu. Chigawenga cha masiku ano chimabadwira m'dziko lina, usilikali chimakaphunzira kwina, ndalama chimalandira kuchokera kwinanso, ndipo bomba chimakaphulitsa m'dziko lachinayi. Palibe dziko limene lingaone ulendo wonsewo ndi maso ake okha.

Tsono ntchito ya ukazitape n'chiyani? Ambiri tikamva mau amenewa timaganiza za munthu wa magalasi akuda wobisala kuseri kwa mtengo, monga timaonera m'kanema. Koma mbali yaikulu ya ntchitoyi imagwiridwa pa tebulo, ndi anthu ovala monga inu ndi ine. Poyamba amasonkhanitsa mau kuchokera kwa anthu, m'manyuzipepala, pa mawailesi, pa matelefoni ndi pa intaneti. Kenaka amawapeta monga amai amapetera mphale m'lichero, kuti madeya apite kwao ndi choona chitsale. Pomaliza amakapereka chimene chatsalacho kwa atsogoleri, nthawi idakalipo. Pa masitepe atatu onsewa ntchito ikhoza kuonongeka.

NAIROBI NDI DAR ES SALAAM

Pa 7 August, 1998, m'mawa, magalimoto odzaza mabomba adaphulika pa maofesi a kazembe wa America ku Nairobi ndi ku Dar es Salaam, mosiyana mphindi zowerengeka chabe. Ku Nairobi kudafa anthu 213, ku Dar es Salaam anthu 11, ndipo ovulala adaposa 4,000. Mwa anthu 224 amene adafawo, a ku America adali 12 okha. Ochuluka adali Aafrika anzathu: makalaliki, alonda, ophunzira kutaipa amene nyumba yawo idagumuka, ndi anthu amene ankangodutsa m'mabasi. Adachita zimenezi ndi gulu la al-Qaeda la Osama bin Laden.

Kodi panalibe chenjezo? Chenjezo lidalipo. Mu November 1997, munthu wina wa ku Egypt adalowa yekha mu ofesi ya kazembe ku Nairobi n'kunena kuti pali chiwembu chophulitsa galimoto pa nyumbayo. Mau akewo sadawakhulupirire. Kazembe mwini wake, mai Prudence Bushnell, adalemba kangapo ku Washington kuti nyumbayo idali pafupi kwambiri ndi msewu waukulu ndipo sinali yotetezeka, koma sadamupatse nyumba ina. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi. Apa khutu lidatsinidwa kawiri, koma mwini khutu sadatembenuke.

MAU OGONA M'KABATI

Patapita zaka zitatu, pa 11 September, 2001, zigawenga 19 za gulu lomwelo zidalanda ndege zinayi zonyamula anthu m'dziko la America. Ziwiri zidakaomba nyumba zosanja za World Trade Center ku New York, imodzi idakaomba Pentagon, likulu la asilikali, ndipo yachinayi idagwera m'tchire ku Pennsylvania. Anthu pafupifupi 3,000 adafa m'mawa umodzi.

Komiti imene idafufuza nkhaniyi idatulutsa lipoti lake mu July 2004, ndipo zimene idapeza ziyenera kuphunziridwa ndi wogwira ntchito za Boma aliyense. Mu January 2000, bungwe la CIA, limene limazonda kunja kwa America, lidadziwa za msonkhano wa anthu a al-Qaeda mumzinda wa Kuala Lumpur ku Malaysia. Lidadziwanso kuti mmodzi mwa iwo, Khalid al-Mihdhar, adali ndi chilolezo cholowera ku America. Mwezi womwewo iye ndi mnzake Nawaf al-Hazmi adatera ku Los Angeles, ndipo adakakhala ku San Diego akugwiritsa ntchito maina awo enieni. Koma maina awiriwa sadalembedwe pa mndandanda wa anthu okaikitsa mpaka kumapeto kwa August 2001, ndipo bungwe la FBI, limene limalondera m'kati mwa dziko, lidayamba kuwasaka kutatsala masabata ochepa chabe. Awiriwa adali m'ndege imene idaomba Pentagon.

Si zokhazo. Mu July 2001, wapolisi wa FBI wa mumzinda wa Phoenix adalembera akulu ake kuti akukaikira anthu ena amene ankaphunzira za ndege, ndipo adapempha kuti sukulu zoterozo ziunikidwe. Kalatayo sidafike patali. Mu August, ku Minnesota, apolisi adagwira Zacarias Moussaoui, amene aphunzitsi ake a ndege adamukaikira. Panalibe amene adaika kalata ya ku Phoenix, mkaidi wa ku Minnesota ndi maina a ku San Diego pa tebulo limodzi. Ofesi iriyonse idasunga kachidutswa kake m'kabati, ina chifukwa cha malamulo, ina chifukwa cha chizolowezi, ina chifukwa chosafuna kuti ofesi inzake itchuke nako. Iyi ndiyo nthenda yoyamba: kuumira mau.

Mgwirizano wa maiko, pa nthawi imeneyo, udagwira ntchito yake. Pa 12 September, 2001, bungwe la NATO lidalengeza kuti ligwiritsa ntchito ndime yachisanu ija, koyamba m'mbiri yake. Taonani chodabwitsa: ndime imene idalembedwa poganiza kuti America adzathamangira kukapulumutsa Ulaya kwa Soviet Union, idayamba kugwira ntchito pamene Ulaya adathamangira kukathandiza America. Kuyambira October 2001, ndege zolondera za NATO zidauluka mumlengalenga mwa America. Mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako.

MAU OKOMETSERA

Nthenda yachiwiri idaonekera pasanathe zaka ziwiri, ndipo idali yoopsa kuposa yoyamba. Maboma a President George W. Bush ku America ndi Nduna Yaikulu Tony Blair ku Britain adayamba kunena kuti Saddam Hussein wa ku Iraq ali ndi zida zopha anthu ambirimbiri nthawi imodzi, za mpweya wa poizoni ndi za tizirombo ta matenda, ndipo akufunanso bomba la nyukiliya. Mu September 2002, boma la Britain lidafalitsa chikalata chonena kuti zina mwa zidazo zikhoza kukonzeka kuombedwa m'mphindi 45 zokha. Pa 5 February, 2003, Nduna yoona za maiko akunja ya America, Colin Powell, adaima pamaso pa Security Council ya United Nations, mkulu wa CIA George Tenet atakhala kumbuyo kwake, n'kuonetsa zithunzi zojambula za malole amene ankati ndi mafakitale oyenda opangira tizirombo.

Kodi nkhani ya malole idachokera kuti? Makamaka idachokera kwa munthu mmodzi wa ku Iraq amene adathawira ku Germany, yemwe akazitape adamupatsa dzina lobisa loti Curveball. Ankamufunsa ndi akazitape a ku Germany, ndipo a ku America ankangolandira malipoti a zimene wanena. Ena mwa amene ankamudziwa adali ndi chikaiko ndipo adachenjeza, koma chikaikocho chidatsalira m'njira, pamene mau ake adafika mpaka ku United Nations. Mu 2011 munthuyo adavomera poyera kuti zonse adangopeka. Kandimverere adakanena za m'maluwa.

Panalinso makalata onena kuti Iraq ankafuna kugula miyala ya uranium ku Niger, kuno ku Africa. Pa 7 March, 2003, mkulu wa bungwe loona za mphamvu ya nyukiliya pa dziko lonse, Mohamed ElBaradei, adauza Security Council kuti makalatawo adali achinyengo. Gulu la akatswiri a United Nations lotsogozedwa ndi Hans Blix lidali m'dziko la Iraq likufufuza, ndipo linali lisanapeze nkhokwe za zida zimene zinkanenedwazo. Ngakhale zinali choncho, nkhondo idayamba pa 20 March, 2003. Mu 2004, gulu lofufuza limene America ndi anzake adatuma okha lidabwerera ndi yankho lakuti nkhokwe zoterozo kunalibe.

Wolemekezeka Wapampando, pano ndifuna tidekhe pang'ono. Akazitape a 2001 adali ndi choona koma sadachiyendetse. A 2003 adali ndi chikaiko koma sadachionetse mokwanira. Munthu wa pansi adalemba kuti "mwina". Wa pakati adalemba kuti "zikuoneka choncho". Pofika pamwamba mau adasanduka "tikudziwa". Aliyense ankadziwa yankho limene akulu ankafuna, ndipo lipoti limene limagwirizana ndi mtima wa bwana limayenda msanga kuposa lotsutsana nawo. Komiti ya Sir John Chilcot, imene idafufuza nkhaniyi ku Britain kuyambira 2009 mpaka 2016, idapeza kuti anthu adauzidwa za zidazo motsimikiza kupyola umboni umene udalipo, ndiponso kuti dzikolo lidalowa nkhondo njira za mtendere zisanathe. Colin Powell naye, mu 2005, adavomera kuti zimene adalankhula tsiku lija zidzakhala banga pa mbiri yake.

MTENGO WAKE

Madzi akatayika saoleka. Asilikali a America oposa 4,400 ndi a Britain 179 adafera ku Iraq. Anthu wamba a ku Iraq amene adaphedwa adaposa 100,000. Mgwirizano umene udaima nji mu 2001 udang'ambika mu 2003: France ndi Germany adakana nkhondoyo, Canada sadalowe nawo, ndipo Nyumba ya Malamulo ya Turkey, dziko la NATO lomwe, idakana pa 1 March, 2003, kuti asilikali a America adzere m'dziko lawo. Amene adakanawo sadali adani. Adali abwenzi amene adafuna kudzionera okha umboni asanatumize ana awo ku imfa, ndipo mbiri yaonetsa kuti bwenzi lofunsa mafunso limaposa bwenzi longovomera.

Chotayika china chidali chikhulupiriro. Kumayambiriro kwa 2022, America ndi Britain adachenjeza poyera kuti Russia akukonzekera kulowa m'dziko la Ukraine ndi nkhondo. Nthawi imeneyi ankanena zoona, pakuti nkhondo idayambadi pa 24 February, 2022. Koma ambiri ku Ulaya ndi kwina adakaika mpaka tsiku lomaliza, ndipo dzina la Iraq linkatchulidwa kawirikawiri. Ukanama kamodzi pa bwalo, tsiku lonena zoona umasowa wokumvera.

Moto wa ku Iraq sudathere ku Iraq. M'chipwirikiti cha nkhondoyo mudakulira gulu limene pambuyo pake lidadzitcha Islamic State, ndipo mu June 2014 lidalanda mzinda wa Mosul. Dzina lomwelo lidadzamveka pakhomo pathu. Pa 5 October, 2017, anyamata a zida adathira nkhondo mapolisi a ku Mocímboa da Praia, m'chigawo cha Cabo Delgado kumpoto kwa Mozambique, ndipo kuyambira 2019 gulu la Islamic State lidayamba kunena kuti zigawengazo ndi zake. Mu March 2021 zidalowa m'tauni ya Palma, kampani ya Total idaimitsa ntchito yake yaikulu ya gasi, ndipo pofika 2022 anthu pafupifupi miliyoni imodzi adali atathawa m'midzi mwawo. Asilikali a Rwanda ndi a SADC adafika mu July 2021. A SADC adachokako mu 2024. Ndipo kumenekonso chenjezo lidalipo. Zaka zingapo mfuti isanalire, atsogoleri ena a Chisilamu a m'deralo adauza akuluakulu a boma za kagulu ka anyamata kophunzitsa zachilendo ndi kunyoza malamulo a dziko. Mau awo sadatengedwe ndi kulemera kwake.

Ife Amalawi sitingayese nkhani ya ku Mozambique ngati ya kutali. Pa nkhondo ya pachiweniweni imene idatha mu 1992, dziko lino lidasunga abale athu othawa kwao pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo asilikali athu adakalondera njanji ya ku Nacala, imene ndi msempha wa katundu wathu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

ZIMENE TIYENERA KUTOLAPO

Mwina wina afunsa kuti, kodi ine kalaliki wa pa boma, kapena ine wapampando wa nthambi, zikundikhudza bwanji? Zikukukhudzani, chifukwa nthenda ziwiri zija sizigwira akazitape okha. Zimagwira ofesi iriyonse imene imalandira mau ndi kuwatumiza pamwamba.

Choyamba, mau asagone m'kabati. Mfumu ikakuuzani kuti pali anthu achilendo amene akudutsa malire usiku, kapena mphunzitsi akakuuzani kuti anyamata akusowa m'mudzi atalonjezedwa ntchito yosadziwika, kaneneni kwa apolisi tsiku lomwelo. Ofesi yoona za olowa ndi kutuluka m'dziko, ya msonkho wa pa malire, apolisi ndi asilikali, onse akutumikira dziko limodzi. Ulemu wa ofesi yanu suchepa chifukwa mwagawirako inzake chimene mukudziwa.

Chachiwiri, polemba lipoti siyanitsani zinthu zitatu: zimene mwaona ndi maso anu, zimene mwamva kwa ena, ndi zimene mukungoganiza. Ngati mukukaika, lembani kuti mukukaika. Musathire mchere kuti nkhani ikome, ndipo musachotse mchere kuti bwana asakwiye. Izi n'zoona pa lipoti la chitetezo, n'zoonanso pa lipoti la chimanga cha m'nkhokwe kapena la mankhwala a m'chipatala.

Chachitatu ndi cha inu amene muli ndi anthu pansi panu. Mukazolowera kukalipira wobweretsa uthenga woipa, posachedwa mudzayamba kulandira mauthenga okoma okhaokha, ndipo tsoka lidzakupezani muli m'tulo. Wantchito amene amalimba mtima kukuuzani chimene simufuna kumva ndiye wokhulupirika weniweni. Msungeni.

Chachinayi, kukhala tcheru si miseche ai. Dziko la East Germany lidali ndi nthambi ya ukazitape yotchedwa Stasi, imene pofika 1989 idali ndi antchito pafupifupi 91,000 ndi anthu okanenera anzawo mobisa oposa 170,000. Mafailo atatsegulidwa mu 1992, anthu ena adapeza kuti wokawanenera adali bwenzi lawo, ena mwamuna wawo wa m'nyumba. Makutu onsewo sadapulumutse bomalo pamene khoma la Berlin lidagwa pa 9 November, 1989. Nthambi ya ukazitape ikasiya kuyang'ana adani a dziko n'kuyamba kuzonda eni dziko, anthu amatseka pakamwa, ndipo tsiku limene chigawenga chenicheni chidzalowe m'mudzi palibe adzanene. Choncho aliyense wokanenera mnzake zabodza chifukwa cha mkangano wa munda, wa udindo kapena wa chipembedzo, akufooketsa chitetezo cha dziko. Kumbukirani kuti ku Cabo Delgado oyamba kuchenjeza adali Asilamu eni ake. Amene asala anthu a chipembedzo china kapena mtundu wina akudula makutu a dziko lake.

Chachisanu, pa migwirizano ya maiko tikhale anansi odalirika, ogawana zimene tikudziwa ndi osunga mapangano athu. Mu February 2022, SADC idatsegula likulu lolimbana ndi zauchigawenga ku Dar es Salaam, ndipo malo otere amakhala ndi phindu pokhapokha dziko lirilonse likamatumizako zoona. Koma dziko laling'ono liyeneranso kukhala ndi lichero lakelake, ndiye kuti anthu ake ophunzira bwino amene angathe kupeta zimene maiko akuluakulu atiuza tisanavomere kanthu. Ubwenzi sutanthauza kutseka maso.

Wolemekezeka Wapampando, amai ndi abambo, akasinja ndi ndege zankhondo n'zodula, ndipo dziko ngati lathu silingakhale nazo zambiri. Koma kunena zoona, kuziyendetsa msanga ndi kumvera wochenjeza, izi zili m'manja mwa aliyense amene wakhala m'holo muno. Mukabwerera ku maofesi ndi ku nthambi zanu, kafotokozereni anzanu amene sadathe kubwera.